Mutu 6: Nsapato Yakumanzere

1. Dzina lokanirira

Dzina lake lenileni linali lokongola ndithu, koma linkagwira ntchito kusukulu kokha, pa nthawi yoitana mayina. Kunyumba, mumsewu ndi kutchalitchi komwe, aliyense ankamutchula kuti Wailesi.

Anamupatsa dzinali ndi mchimwene wake, iye akadali kamwana. Masiku amenewo mtsikanayu sankasunga kanthu m'kamwa. Mphaka akagwetsa kapu, msewu wonse unkamva tiyi asanaume pansi. Mchimwene wake akathawa kusukulu n'kupita kumpira, bambo ankadziwa mnyamatayo asanasanse n'komwe fumbi kumapazi.

"Zima, Wailesi!" ankatero mchimwene wakeyo, atagwira makutu. "Zima, tipumeko!"

Atafika Fomu 2, mayi ake anamukhazika pansi m'khitchini.

"Mwanawe, wakula tsopano," anatero mayiwo. "Mtsikana wolongolola amatopetsa ngakhale omukonda. Si zonse zimene maso aona zoyenera kutuluka pakamwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Munthu akakuuza za kumtima kwake, ndiye kuti wakusungitsa katundu, ndipo katundu wosungitsa sayalidwa pamsika. Ukapitiriza chonchi, anzako adzayamba kukhala chete ukamalowa m'chipinda. Ndikukuuza, palibe chinthu chowawa ngati chimenecho."

Wailesi anamva. Anatsimikiza mtima kuti dzinali alifafaniza yekha, ndipo anayesetsadi. Nkhani zinkamuyabwa pakamwa ngati chitedze, koma iye ankameza. Mpaka mchimwene wake anayamba kumuseka kuti wailesi yatha mabatire.

2. Mphezi

Mchimwene wakeyo anzake ankamuitana kuti Mphezi, chifukwa pabwalo la mpira panalibe womupeza liwiro. Atamaliza sukulu anapeza ntchito yoperekera katundu m'masitolo panjinga yamoto.

Tsiku lina lole inamuwomba pokhota, pafupi ndi msika. Madokotala anapulumutsa moyo wake, koma mwendo wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo.

Atatuluka m'chipatala, Mphezi anadzitsekera m'chipinda chake. Bedi linali pawindo, ndodo zoyendera zitatsamira khoma, mpira uli pamwamba pa kabati ukutola fumbi. Pansi pa bedi panali nsapato zake zakuda, zimene bambo anamusokera ndi manja awo pamene ankayamba ntchito. Yakumanja ankaivala akamapita kukaonedwa bala. Yakumanzere inangokhala kukona.

Anzake a mpira ankabwera poyamba, kenaka anayamba kuchepa. Sitingawanene kwambiri, pakuti mwini wakeyo ankawayankha ndi msana.

3. Pabenchi

Bambo a Wailesi anali wosoka nsapato. Benchi lawo linali pakhonde la sitolo yogulitsa zitsulo, ndipo pabenchipo pankakhala nyundo, singano zazikulu, ulusi wopaka phula, chitini cha guluu ndi kabotolo ka misomali ing'onoing'ono. Pansi pa benchi pankakhala thumba lalikulu la nsapato zimene eni ake sanabwere kudzatenga.

Loweruka m'mawa Wailesi anawapititsira tiyi. Anawapeza akulimbana ndi jombo ya mlonda wa pasitolopo. Jomboyo inali itasokedwa kambirimbiri, moti ulusi unachuluka kuposa chikopa. Kutsogolo inali itayasamula ngati ikufuna kulankhula.

Wailesi anaseka mpaka tiyi anatayikira pansi. "Bambo, iyi ndiye yatha! Ingoitayani."

Bambo anaika nyundo pansi n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wati chiyani? Bwereza ndimve."

"Ndati yatha."

"Jomboyi ndi yako?"

"Ayi."

"Ndi yanga?"

"Ndi ya alonda."

"Ndiye tamvera. Pabenchi pano mawu akuti 'yatha' satuluka pakamwa pa wosoka. Amanena ndi mwini. Ine ndikhoza kudandaula, ndikhoza kung'ung'udza tsiku lonse, koma mwini akati sokani, ndimasoka. Ukuliona thumba ili? Muli nsapato zimene zakhala muno iwe ukadali ku pulayimale. Sindinagulitsepo imodzi, sindinatayepo imodzi. Zili ndi eni ake. Chinthu chikakhala m'manja mwako si ndiye kuti ndi chako."

Mlonda uja, amene anali atakhala pachidebe phazi limodzi lili pamtunda, anagwedeza mutu. "Auzeni, amisiri. Jombo imeneyi idzandiperekeza kumanda."

"Ikafika," anayankha bambo, onse n'kuseka.

4. Mphatso

Wailesi atabwerera kunyumba anapeza zachilendo. Mphezi anali atasamba, atapesa tsitsi, ndipo zenera linali lotsegula. Mayi anali atapita kale kuntchito yawo yochapa zovala m'nyumba za anthu.

"Lowa, mlongo wanga," anatero Mphezi akumwetulira. "Tenga foni iyi. Ndi yako tsopano."

"Yanga? Nanga inu?"

"Ine ndiimbira ndani? Tenga. Mpira uja ndapatsa kamnyamata ka aneba. Kodi masana ano si kuli kwaya?"

"Kuli."

"Usajombe. Upite msanga, usadandaule za ine."

Mtima wa Wailesi unadzaza chimwemwe. Anaganiza kuti mchimwene wake wayamba kuchira. Anaika foni m'thumba la siketi, n'kutenga tsache kuti amusesere m'chipinda asananyamuke.

"Siya, mwayera kale," anatero Mphezi.

"Mwayera kuti? Pansi pa bedi pali fumbi loti munthu angadzalepo mbewu."

Tsache linagunda nsapato yakumanzere ija. Nsapatoyo inagubuduka, ndipo m'kati mwake munamveka kuti tseketseke. Wailesi anaitola. Munali sokosi yomangidwa mfundo, ndipo atamasula anapeza mapilisi a kuchipatala. Anali mapilisi amene mayi ankamupatsa Mphezi tsiku lililonse, iye n'kumanena kuti wamwa.

Kumwetulira kuja kunachoka pankhope ya Mphezi.

"Bwezera pamene waitenga."

"Achimwene, mukusungiranji mankhwalawa?"

"Ndati bwezera."

Wailesi anayang'ana sokosi ija, anayang'ana pamwamba pa kabati pamene mpira unkakhala, anagwira foni m'thumba. Zonse zinalumikizana nthawi imodzi. Anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, nsapato ili m'manja.

"Mumafuna ndipite kukwaya kuti mutsale nokha."

Mphezi anayang'ana kuwindo. Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Tandiyang'ana bwino. Ndatha ine. Amayi akuchapa zovala za anthu mpaka manja kusupuka chifukwa cha ine. Abambo asiya kundiyang'ana kumaso. Ndatopa, mlongo wanga. Moyo ndi wanga, ndisiye ndichite nawo zimene ndikufuna. Iweyo wakula, umatha kusunga chinsinsi masiku ano, ndakhala ndikukuona. Lumbira kuti suuza munthu."

Wailesi anafinya nsapato ija m'manja.

"Lumbira! Kapena ukadali Wailesi yemwe uja?"

Mawuwo anamulasa. Miyezi yonseyi ankafuna kuti mchimwene wake yemweyu adzanene kuti wasintha, ndipo lero anali atanena. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma dzanja linalowa m'thumba.

"Eya," anatero. "Ndikadali Wailesi."

Anatulutsa foni ija n'kuimbira bambo.

"Zima!" anakuwa Mphezi. "Zima foniyo!"

"Bambo, ndine. Siyani zonse mubwere kunyumba pompano. Achimwene akuti atha, ndipo ndapeza mankhwala awo onse mu nsapato. Musayende, thamangani."

5. Pakhomo

Mphezi anagenda pilo, anagenda kapu, anamutchula mayina amene sitingawalembe m'buku la ana a sukulu. Wailesi anakhala pansi pakhomo penipeni, nsapato ataikumbatira pachifuwa.

"Wandipereka," anatero Mphezi. "Sindidzakulankhulanso mpaka kalekale."

"Musandilankhule. Bola muzipuma."

"Choka pamenepo!"

"Sindichoka. Mundigende ndi bedi lomwe, ine ndili pompano."

M'chipindamo munati zii. Wailesi anaopa bata limenelo kuposa kukuwa kuja, choncho anachita chinthu chimene ankachidziwa bwino kuposa munthu aliyense mumsewumo. Anayamba kulankhula.

Anamuuza za jombo ya mlonda. Anamuuza kuti mphunzitsi wa masamu wagula njinga koma sadziwa kukhota. Anamuuza kuti goloboyi wa timu yake amafika pageti Lachisanu lililonse, n'kuima, n'kubwerera osagogoda chifukwa cha manyazi. Anamuuza kuti mayi akamachapa amaimba nyimbo imene ankamuimbira iye ali khanda. Nkhani zonse zimene anameza kwa miyezi zinatuluka, zina zoseketsa, zina zosafunika n'komwe, mawu osaima.

Mphezi anafunda bulangeti kumutu. Wailesi anaona kuti bulangetilo likugwedezeka, ndipo anapitiriza kulankhula mpaka geti linalira.

6. Mawu a wosoka

Bambo analowa ali wefuwefu, epuloni ikadali m'chiuno. M'dzanja anali atagwirabe jombo ya mlonda, osadziwa kuti abwera nayo. Wailesi anawapatsa sokosi ija. Anaiyang'ana, anaiika m'thumba la epuloni n'kumanga.

Sanakalipe. Anakhala pansi pasimenti pafupi ndi bedi, monga amakhalira munthu wodzapepesa.

"Mwana wanga, vundukula ndikuone."

Patapita kanthawi Mphezi anatsitsa bulangeti. Maso anali ofiira.

"Mlongo wako akuti wanena kuti watha."

"Ndathadi, bambo. Inunso mukudziwa. N'chifukwa chake simundiyang'ana."

"Sindikuyang'ana chifukwa ndikakuyang'ana ndimafuna kulira, ndipo ndimaganiza kuti misozi yanga ikulemetsa. Ndinalakwa. Lero ndikuyang'ana, ndipo iwe undimvere mpaka ndimalize."

Anatenga nsapato yakumanzere ija m'manja mwa Wailesi n'kuitembenuza.

"Nsapato iyi ndinaisoka ndine. Ndinasankha chikopa, ndinadula, ndinabowola, ndikudziwa pamene ulusi unayambira ndi pamene unathera. Koma iweyo sindinakusoke. Ine ndi mayi ako tinangokulandira. Tsiku limene anamwino anakuika m'manja mwanga ndinawerenga zala zako, ndipo palibe chala ngakhale chimodzi chimene ndinapanga ine. Mtima umene ukugunda m'chifuwa chakocho sunauyambitse ndiwe. Ukagona umagundabe, osakupempha chilolezo. Mpweya umene wakalipira nawo mlongo wakowu sunaugule kusitolo. Anakupatsa ndi Mulungu, amene anakuumba, ndipo sanakugulitse kwa munthu. Ngakhale ine bambo wako sindinganene kuti ndiwe wanga. Nanga iwe unganene bwanji kuti moyo ndi wako? Unasungitsidwa, mwana wanga. Uli m'manja mwako, koma uli ndi Mwini wake."

Mphezi anadzuka n'kukhala tsonga.

"Ngati ali Mwini, anali kuti pamene lole ija inkabwera? Anali kuti pamene ankadula mwendo wanga?"

Wailesi anagwira pakamwa. M'nyumba imeneyo munthu sankalankhula chomwecho za Mulungu. Koma bambo sanadzidzimuke.

"Sindikudziwa," anatero. "Sindikunamiza kuti ndikudziwa. Funso limenelo inenso ndamufunsa, nyundo ili m'manja, ndipo sanandiyankhe. Umufunse iwenso. Ukuwe, ulire, umuuze kuti zikuwawa, sadzakuthamangitsa. Koma umufunse uli moyo. Pabenchi panga pafika nsapato zong'ambika zoti ukaziona umagwira mutu. Ndimang'ung'udza, koma sindinanenepo kuti yatha, chifukwa mawu amenewo ndi a mwini. Nsapato nayonso siinganene yokha kuti yatha. Lole ija inakuwomba, anthu anati wapita, koma unadzuka. Mwini wako sanati watha. Ndiye pakamwa pako pasatuluke mawu amene Iye sananene."

"Koma zikuwawa, bambo."

"Ndikudziwa."

"Osati mwendo. Muno." Mphezi anadziguguda pachifuwa.

"Nalonso ndi bala, ndipo lili ndi odziwa kulisamala. Tinakutengera kuchipatala chifukwa cha mwendo, tikutengeranso chifukwa cha mtima. Palibe chamanyazi pamenepo. Abusa tiwauza, anzako a mpira tiwatsegulira geti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwe wasenza wekha nthawi yaitali tili m'nyumba momwemo."

Pamenepo Mphezi analira ngati kamwana, mutu uli paphewa la bambo ake. Bambo nawo analira, ndipo sanabise. Wailesi anatola zidutswa za kapu ija mwakachetechete.

7. Katundu wosungitsa

Mayi atafika n'kumva zonse, anakhala nthawi yaitali m'chipinda cha Mphezi. Kenaka anatuluka n'kumupeza Wailesi kuseri kwa nyumba, atakhala pamwala wochapira.

"Achimwene akuti ndawapereka," anatero Wailesi. "Inunso munati katundu wosungitsa sayalidwa pamsika."

Mayi anakhala pambali pake n'kumugwira dzanja. Manja awo anali okhakhala chifukwa cha sopo.

"Ndinatero, ndipo sindikubweza. Koma ndinakuuza mbali imodzi yokha. Munthu akakusungitsa chovala, sunga. Akakusungitsa khala lamoto, usaliike m'thumba kuti uoneke wokhulupirika, chifukwa lipsereza iwe, iye ndi nyumba yomwe. Chinsinsi chimene chikufuna kuchotsa moyo wa munthu sichisungidwa, ngakhale akulumbiritse, ngakhale akhale mnzako wa pamtima. Uthamangire kwa wamkulu amene angathandize. Iwe sunayale nkhaniyi pamsika, unaitengera kwa bambo ako. Mchimwene wako akwiya, mwina kwa nthawi yaitali, ndipo zikupweteka. Upirire. Mkwiyo wa munthu wamoyo umatha. Mulungu amene anampatsa iye miyendo yothamanga ndi yemweyo anakupatsa iwe pakamwa pamenepa. Ine ndinkaona ngati anachulutsa. Lero ndaona kuti anayeza bwino."

Wailesi anaseka, misozi ikutsika.

Kuyambira tsikulo Mphezi sanasiyidwenso yekha. Mankhwala ankasunga ndi mayi, ndipo ankaima pomwepo mpaka atameza. Bambo anabweretsa benchi lawo laling'ono kunyumba n'kumasokera pakhomo la chipinda chake. Jombo ya mlonda anaimalizira pomwepo, mwini wake atabwera kudzailondola atavala jombo imodzi ndi patapata.

Koma kwa Wailesi, Mphezi sanatsegule pakamwa. Akamubweretsera madzi ankalandira osamuyang'ana. Akamupatsa moni ankayang'ana kukhoma. Zinkamuwawa kwambiri mtsikanayu, koma m'mawa uliwonse ankalowabe n'kupereka moni, n'kuima pang'ono kumvetsera kupuma kwake.

8. Pageti

Lolemba lina m'mawa banja lonse linakonzeka kupita kuchipatala. Mphezi anavala nsapato yakumanja. Yakumanzere bambo anali ataipukuta bwino ndi polishi n'kuiika pamwamba pa kabati, pamene mpira unkakhala.

"Mwaiikiranji pamenepo?" anafunsa Mphezi.

"Anamwino aja anati bala likapola pali mwendo wochita kupanga. Mwendo umenewo udzafuna nsapato. Kapena mwini wake akuti yatha?"

Mphezi anaiyang'ana nthawi yaitali. "Isiyeni pomwepo," anatero.

Potsika sitepe ya pakhonde ndodo imodzi inaterereka. Wailesi anali pafupi, ndipo dzanja la Mphezi linagwera paphewa lake. Sanalichotse. Anayenda chomwecho pang'onopang'ono mpaka pageti.

Bambo atatsegula geti anapeza munthu ataima panja. Anali mwamuna wachikulire, wovala ovolosi yothimbirira ndi mafuta, chipewa atachipinda m'manja. Ankaoneka kuti waima pamenepo kwa nthawi, akusowa mphamvu zogogoda.

"Tikuthandizeni?" anafunsa bambo.

Munthuyo sanayang'ane bambo. Maso ake anali pa mwendo wa thalauza la Mphezi, umene unali wopindidwa n'kumangidwa ndi pini.

"Pepani, ndafunsira kwa anthu mpaka ndapapeza," anatero. "Ndine amene ndinkayendetsa lole ija."

Mayi anagwira geti. Bambo anavula magalasi. Wailesi anamva zala za mchimwene wake zikulowa m'phewa lake mpaka kuwawa. Kenaka Mphezi anawerama n'kumunong'oneza, mawu oyamba chichokereni Loweruka lija.

"Wailesi, usachoke. Lankhula chilichonse. Usazime."